Galu wa m'Belo la Kaunjika

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene mukuwerengera. Dzina langa ndine Esinati, ndimakhala ku Balaka ndipo ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Kwathu kwenikweni ndi ku Chiuta, m'boma la Machinga, kumene makolo athu anafikira pochoka ku Mozambique. Ndafuna ndikuuzeni za nthawi imene sitiroko inandilanda mawu, ndi njira imene Mulungu anandibwezera. Njirayo ena mukaimva museka, ndipo sindikhumudwa, chifukwa nanenso ndikanaseka zikanakhala kuti zachitikira munthu wina.

Ndinaphunzitsa sitandade wani kwa zaka zambiri. Amene mumaidziwa kalasi imeneyi mukudziwa kuti ntchito yake yonse ili pakamwa: kuimba, kuitana mayina, kutonthoza olira, kubwereza a, e, i, o, u mpaka kukhosi kuuma. Kumpingo ndinkayambitsa nyimbo pa misonkhano ya amayi. Kunyumba amuna anga, bambo a Chisomo, amene ndi kalipentala, ankanena kuti wailesi tinangoigulira alendo. Kuchipatala anali atandiuza kale kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa tsiku lililonse. Ine ndinkamwa mutu ukawawa, ukasiya nanenso n'kusiya. Ndikuulula zimenezi poyera kuti wina asachite monga ndinachitira ine.

Linali Lachiwiri m'mawa, ndikulemba pa bolodi, pamene choko chinandipulumuka m'manja. Ndinawerama kuti nditole, koma dzanja lamanja silinandimvere. Ndinatembenuka kuti ndiuze ana akaitane ahedi, koma pakamwa panga panatuluka phokoso limene sindinalizindikire. Ana anaseka, poganiza kuti ndayambitsa sewero latsopano. Ndikukumbukira kuseka kwawo, kenako simenti yozizira patsaya langa.

Nditatsitsimuka kuchipatala, dokotala anandifunsa dzina. Dzinalo ndinkalidziwa. Linali m'mutu mwangamu, loyera bwino ngati lolembedwa pa bolodi. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Iyayi." Anandifunsa ngati ndikuwadziwa bambo amene anaima pambali pa bedi. Ndinawayang'ana amuna anga, amene ndakhala nawo zaka zoposa makumi awiri, n'kunena kuti, "Iyayi." Pa mawu onse amene ndinali nawo, a Chichewa, a Chizungu, ndi Chilomwe chochepa chimene ndinatola kwa mayi anga, anatsala amodzi okhawo.

Mwendo unayamba kubwerera mwamsanga, moti pasanathe miyezi iwiri ndinkayenda ndi ndodo m'nyumba. Dzanja linkabwera pang'onopang'ono. Koma pakamwa panakana. Ndinkamva chilichonse chimene anthu akunena, ndinkaganiza bwinobwino, kungoti pakati pa mutu ndi lilime njira inali itaduka. Tsiku lina kukutentha, kukhosi kutauma gwa, amuna anga anabwera ndi kapu n'kufunsa kuti, "Mukufuna madzi?" Ndinayankha kuti iyayi, iwo n'kubwerera nayo kapu ija. Ndinaiyang'ana ikutuluka pakhomo, misozi n'kuyamba kutsika. Atabwerako anandipeza ndikulira, ndipo anayamba kundifunsa ngati mutu ukuwawa, ngati ndikufuna kugona, ngati ndikufuna aitane Chisomo kuchokera ku Zomba kumene amagwira ntchito. Pa chilichonse yankho linali lomwelo.

Anthu ankabwera kudzandizonda. Ena ankandikuwira m'khutu ngati ndagontha. Ena ankakhala pambali panga pomwepo n'kumafunsa amuna anga kuti, "Koma akuzindikira?" Chimene chinandipweteka koposa chinachitika amayi a kumpingo kwathu atabwera kudzandipempherera. Anaimba, anapemphera, kenako mmodzi wa iwo anandigwira dzanja n'kufunsa mokweza kuti, "Mayi, mukukhulupirira kuti Yesu akuchizani?" Mumtima mwanga ndinafuula kuti eya, ndikukhulupirira. Ndinalimbana nalo lilime kuti mwina lingokhala chete. Koma pakamwa panatuluka kuti, "Iyayi." Mayi uja anandisiya dzanja pang'onopang'ono. Pasanathe sabata nkhani inali itafala kuti ndili ndi chiwanda chokana Ambuye, ndipo alendo anayamba kuchepa.

Kuchipatala kunali mayi wina wa mafizo amene anandiuza kuti mawu akhoza kubwerera, koma ndiyenera kumayeserera tsiku lililonse. Anati ndizikhala pagalasi n'kumanena ma, pa, ta. Amuna anga anayesetsa kundithandiza. Ankakhala patsogolo panga madzulo akaweruka, n'kumanena kuti, "Tiyeni, amake Chisomo, nenani kuti ma." Koma ndikayamba kulimbana nazo, milomo ikunjenjemera, malovu akutsika, iwo ankalephera kupirira. Ankayang'ana kumbali, kapena ankandimalizira okha n'kunena kuti, "Basi, mwayesetsa, pumulani." Ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma ine ndinkangoona chisoni pankhope pawo, ndipo manyazi ankandigwira. Galasi nalo linkandionetsa mayi wa kamwa lopotoka amene sindinkafuna kumuona. Ndinalitembenuzira kukhoma. Mafizo ndinasiya, ndipo tsiku lopita kuchipatala likafika ndinkangogona n'kufunda chitenje kumutu.

Mwezi wachinayi wa matenda anga kunabwera ahedi. Anayankhula mwaulemu, koma uthenga wake unali woti chaka chikatha madokotala adzandiunika, ndipo akadzaona kuti sindingabwerere m'kalasi ndidzapumitsidwa pa ntchito. Sabata yomweyo kunabweranso achimwene anga aakulu, a Lufeyo, kuchokera ku Chiuta. Iwo ndiwo mwinimbumba wathu. Anakhala pakhonde ndi amuna anga, ine ndili mkati pafupi ndi windo.

"Alamu, mwayesetsa," anatero achimwene. "Koma ntchito yanu yaima. Mipando ya anthu ili pashedi osatha. Munthuyu tipatseni, kumudzi kuli azichemwali ake, azikamusamala."

Amuna anga anati, "Mwina mpweya wakumudzi ungawathandize."

Ndinadzuka ndi ndodo yanga mpaka pakhomo. Ndinkadziwa kuti ndikapita ku Chiuta ndiye kuti za chipatala zatha, za sukulu zatha, ndizikangokhala pamkeka kuseri kwa nyumba kudikira tsiku langa. Ndinamenya ndodo pansi n'kunena ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Iyayi! Iyayi!" Kwa nthawi yoyamba chidwalireni, mawuwo ankanena zimene ndinkatanthauzadi. Achimwene anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Mwaonatu alamu, ndi zomwezi tsiku lonse." Anapangana kuti adzabwera kudzanditenga akamaliza kukolola.

Abale anga, apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Ndinasiya kudya, ndinkangolawa pang'ono kuti amuna anga asadandaule. Mapiritsi akandipatsa ndinkawasunga m'tsaya, iwo akatuluka n'kuwalavula, n'kuwabisa m'nsalu ya pilo. Ndinkadziwa chimene chingachitike ndikapanda kumwa, ndipo ndicho ndinkafuna. Pemphero langa linatsala limodzi, lamumtima, chifukwa ngakhale ameni sindikanatha kutchula. Ndinkati, Ambuye, ngati simundibwezera pakamwa, nditengeni, musandisiye pakatikati chonchi. Ndinapemphera choncho masiku ambiri, ndipo kumwamba kunali ngati kulibe wondimva.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi wina wachisilamu, Abiti Saidi, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Balaka, ndipo masiku ena amakwera ndi katundu wake kupita ku Nsanama. Sitinali paubwenzi. Zoona zake n'zakuti tinakanganapo kwambiri mbuzi zawo zitadya mpiru wanga, ndipo tsiku limenelo ndinawayankhula mawu ambiri oti sindingawalembe pano. Kuchokera pamenepo tinkangopatsana moni wapamwamba. Ndiye ndinadabwa masana ena, amuna anga ali kushedi, nditamva odi, n'kuona Abiti akulowa atanyamula kanthu kokulunga m'kampango.

Anakhala pansi n'kumasula. Kanali kachipangizo kofanana ndi foni, koma kopindika pakati ngati kabuku, kokhala ndi magalasi awiri ndi kandodo kakang'ono kobisika m'mbali. Anati anakapeza m'thumba la chikwama cha mwana wasukulu, m'belo limene anatsegula sabata yathayo. Anapita nako kwa wokonza mafoni, amene anakapezera chaja, n'kufufuta zonse za mwini wake wakale. Anayesa kukagulitsa, koma aliyense akamva kuti sikaimba foni ankakabweza.

"Muli galu m'menemu," anatero Abiti. "Zolemba zake n'zachizungu, ine sukulu sindinapite nayo patali. Inu ndinu aphunzitsi, musungeni."

"Iyayi," ndinatero.

"Amenewo ndawamva kale, mumauza aliyense." Anakaika pamiyendo panga, chaja n'kuika pampando. "Ife agalu sitisunga m'nyumba. Uyu alibe malovu, komabe akhale kwanu kuno."

Atatuluka ndinakwiya. Ndinaona ngati andiyesa mwana, kuti mayi wamkulu, mphunzitsi, andibweretsere chidole. Ndinakakankhira pansi pa pilo. Koma masana ndi aatali kwa munthu amene alibe woyankhula naye, ndipo tsiku lotsatira ndinakatsegula.

Pagalasi panali chipinda, ndipo m'chipindamo munali kagalu kofiirira, ka makutu ogwa, kakununkhiza pansi. Ndinatenga kandodo kaja ndi dzanja lamanzere n'kukhudza pagalasi. Kagalu kanathamanga kubwera, n'kuimika miyendo yakutsogolo ngati kakufuna kutuluka. Nditakasisita pamutu kanatsinzina. Kuwerenga kunali kutayamba kale kubwerera, ngakhale kuti ndinkachedwa, ndiye ndinatha kumva zimene zinalembedwa: ankati ndimutche dzina galuyo, ndilitchule pafupi ndi kabowo komvera mawu. Ndinafuna kumutcha Tayiga, dzina la galu amene bambo anga anali naye ku Chiuta. Ndinayang'ana kukhomo kuti nditsimikize kuti kulibe munthu, ndinakoka mpweya, n'kunena kuti, "Iyayi."

Galu anaimika makutu. Zolemba zinati ndibwereze. Ndinayesanso Tayiga, panatuluka iyayi. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. Kenako galu uja anauwa kawiri n'kudumpha, ndipo zolemba zinati wadziwa dzina lake. Ndinamusiya apite kukona ya chipinda chake, n'kuitana kuti, "Iyayi." Anatembenuka n'kuthamangira kwa ine. Kwa miyezi inayi palibe chimene ndinanena chimene chinamveka. Tsiku limenelo ndinaitana, wina n'kubwera. Ndinalira mpaka galasi linanyowa, n'kumalipukuta ndi chitenje.

Masewerawo amafuna kuti galu umudyetse, umumwetse madzi, umusambitse, uyende naye, komanso umuphunzitse kumvera. Ukatsetsereka ndi kandodo pamutu pake kupita pansi, amakhala. Akakhala, pakona pamayaka kababu, ndipo ukakakhudza uyenera kunena mawu amene ukufuna kuti azimvera. Uyenera kuwanena mofanana kangapo, apo ayi sagwira. Apa ndi pamene panali vuto. Ndikanena kuti iyayi, iye ankadzuka n'kubwera, chifukwa limenelo linali dzina lake. Kuti akhale pansi pankafunika mawu ena, ndipo ine mawu ena ndinalibe.

Ndinasankha mawu oti khala. Ndinkawaona m'mutu, zilembo zisanu zimene ndaphunzitsa ana osawerengeka. Ndinkatsegula pakamwa, nsagwada zikuuma, thukuta likutsika, n'kutuluka mpweya wokha. Nthawi zina "a", nthawi zina kubuula chabe. Galu ankapendeketsa mutu, pamwamba pake n'kuoneka chizindikiro cha funso. Ndinayesa masiku atatu, kuyambira amuna anga akangotuluka mpaka batire kutha. Tsiku lachitatu ndinakaponya pamatiresi n'kunena mumtima kuti ngakhale galu wabodza walephera kundimva. Ndinakatseka, ndipo sindinakakhudze masiku anayi. M'masiku amenewo sindinkadzuka n'komwe.

Tsiku lachisanu Abiti analowa ndi mbale yovundikira. "Galu wanga ali bwanji?" anafunsa. Sanadikire yankho, anakatenga okha n'kutsegula. Galu anali wakuda ndi litsiro, tizilombo tikudumpha pamsana pake, mbale yake ili gwa. Koma atangoona kuti kwatseguka anathamangira kugalasi, mchira ukugwedezeka.

"Mwamugoneka ndi njala," anatero Abiti. "Inunso ndikuona mmene mikono iyi yawondera. Ine kumpanda kuja ndimaona zimene zimatayidwa kudzala." Anavundukula mbale, munali phala la mpunga lothira nsinjiro. "Mupatseni chakudya chake, inunso mudye chanu. Ine sinditsegula benchi yanga kumsika lero mpaka mbale iyi ione pansi."

Anakhaladi. Sanandiyang'ane mwachisoni, sanandifunse mafunso. Ankangosankha mabatani m'kachitini kawo, kwinaku akundiuza za mitengo ya mabelo ndi fumbi la msewu wa ku Nsanama. Ndinamwetsa galu madzi, ndinamusambitsa ndi kandodo mpaka thovu linatha, ndipo phala lija ndinadya lonse. Atapita ndinatulutsa mapiritsi m'nsalu ya pilo. Anali ambiri moti ndinachita mantha. Ndinawataya kuchimbudzi, ndipo m'mawa mwake amene amuna anga anandipatsa ndinameza.

Ndinabwereranso ku mawu aja. Chimene ndinazindikira n'chakuti galu ameneyu sankatopa. Sankayang'ana kumbali malovu akatsika. Sankandimalizira mawu, ndipo sankandinamiza kuti ndakhoza pamene sindinakhoze. Ndikalakwa ankangopendeketsa mutu n'kudikira. Pamaso pake ndinalibe manyazi. Patapita masiku panatuluka "ala". Kenako "hala". Ndinanena "hala" kangapo mofanana, galu n'kugwira, ndipo ndikati hala ankakhala pansi. Ndinasangalala tsiku limodzi lokha. Uphunzitsi unandivuta mumtima: mwana wa sitandade wani akanati hala m'malo mwa khala sindikanamuchongera. Ndinafufuta n'kuyambiranso. Zinanditengera sabata ina kuti kukhosi kutseke ndi kutseguka pa nthawi yake. Lachinayi lina, dzuwa lili pamutu, ndinanena kuti, "Khala." Linatuluka lathunthu, ndi mawu anga akale. Kuseri kwa mpanda ndinamva Abiti akunena kuti, "Alihamudulilahi," kenako n'kupitiriza kuchapa.

Pambuyo pa khala panabwera gona. Pambuyo pa gona, dzanja, kuti azipereka mwendo wakutsogolo. Koma zonsezi ndinkachita chitseko chili chotseka. Amuna anga ankadziwa kuti ndili ndi kachidole kochokera kwa Abiti, ndipo ankakondwa kuti ndayamba kudya, koma za mawu sankadziwa. Ndinayesa kamodzi kuwauza kuti gona, iwo atatopa pampando, koma nditangoona maso awo akudikira, pakamwa panatseka n'kutuluka iyayi yemwe uja. Ndinaopa kuwapatsa chiyembekezo choti mawa chitha. Ndinaganiza kuti mwina mawu angawa ndi a galu yekha.

Kukolola kunatha, ndipo achimwene anabwera monga anapanganira. Anabwera ndi galimoto ya mnzawo wogula nsomba ku Chiuta, imene inkabwerera yopanda katundu. Amuna anga anali atalongedza zovala zanga m'chikwama, maso ali ofiira. Anatulutsa chikwama, anatulutsa matiresi. Ine ndinali pampando pabalaza, kachipangizo kali pamiyendo. Mumtima ndinati, Ambuye, ndinakupemphani kuti munditenge, ndikhululukireni. Tsopano ndikupempha liwu limodzi lokha, pamaso pa anthu.

Achimwene analowa n'kunditambasulira dzanja. "Tiyeni achemwali, dzuwa lisatitentherere."

Sindinawayang'ane kumaso. Ndinayang'ana pansi, pamiyendo panga, monga ndinkachitira poyankhula ndi galu. Ndinakoka mpweya n'kunena kuti, "Khala."

Achimwene anaima. Amuna anga anali pakhomo atanyamula ndowa, ndipo anaiika pansi.

"Khala," ndinabwereza. Ndinadzimenya pachifuwa ndi dzanja lamanzere. Lilime linalemera ngati mwala, koma ndinalikankha. "Ndi... khala. Ndikhala."

Amuna anga anabwera n'kugwada patsogolo panga. Ndinaona milomo yawo ikufuna kundithandiza, koma anadzigwira. Anadikira. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, woyendetsa galimoto analiza hutala panja, koma palibe anasuntha. Kenako linabwera lina limene sindinaliyesererepo n'kamodzi komwe: "Kuno."

Achimwene anakhala pampando n'kuvula chipewa. Anapukuta kumaso n'kunena kuti, "Alamu, katsitseni matiresi aja."

Sindikufuna kukunamizani kuti kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyankhula ngati kale. Ulendo unali wautali, ndipo masiku ena ndinkadzuka mawu amene ndinali nawo dzulo atathawa. Ndinabwerera ku mafizo. Mayi wa kuchipatala uja ataona galu wanga anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anandilembera mndandanda wa mawu oti ndizimuphunzitsa. Popeza zochita za galuyo n'zowerengeka, ndinkafufuta mawu akale n'kuika atsopano. Panali sabata imene ankakhala pansi ndikati madzi, n'kugona ndikati sukulu. Mawu oti gubuduka ananditengera pafupifupi mwezi. Amuna anga anaphunzira kukhala nane osandimalizira. Ankaika manja m'thumba n'kumayang'ana galu m'malo moyang'ana ine, mpaka liwu litatuluka.

Kumpingo nkhani inamveka, ndipo ena anati chinthu chochokera m'belo, chosadziwika mwini wake, choperekedwa ndi munthu wachipembedzo china, chikhoza kukhala cha satana. Abusa anabwera okha kudzaona. Ndinawaonetsa galu akukhala, akugona, akupereka dzanja. Anaonerera mpaka kumapeto, kenako anati, "Tinapempha kuti mayiwa ayankhule, ndipo akuyankhula. Ine sindingamuuze Mulungu chida choti agwiritse ntchito." Anandifunsanso funso lija limene ndinafunsidwa pachiyambi, ngati ndikukhulupirira. Zinanditengera nthawi, koma ndinayankha kuti, "Eya." Mayi amene anandisiya dzanja tsiku lija anabwera patapita masiku kudzapepesa, ndipo lero timakhala benchi limodzi.

Za mapiritsi ndinawauza amuna anga patapita miyezi, nditapeza mawu okwanira. Atamva anayamba kupepesa, pamene wolakwa sanali iwo. Mpaka lero amaima pambali panga m'mawa uliwonse mpaka nditameza, ndipo sindiwaletsa.

Madokotala atandiunika anandiwonjezera nthawi m'malo mondipumitsa. Chaka chotsatira ndinabwerera kusukulu. Sitandade wani sindingaithenso, phokoso lake limandisokoneza mutu ndipo mawu amathawa. Ahedi anandipatsa kagulu ka ana amene akuchedwa kudziwa kuwerenga, ndipo timakhala m'kachipinda ka mabuku. Pa bolodi ndimalemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zake zopendama. Kale mwana akachita chibwibwi pa liwu ndinkamuuza msanga kuti tipitirire. Masiku ano ndimadikira.

Kachipangizo kaja kanatha. Choyamba panathyoka popindikira, tinamanga ndi tepi. Kenako galasi lam'mwamba linada, ndipo tsiku lina sikanayakenso. Tinapita ndi Abiti kwa wokonza mafoni, iye anatsegula n'kupukusa mutu. Pobwerera ndinalira mumsewu ngati ndaferedwa, anthu akundiyang'ana. Abiti anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Musalire aphunzitsi, ntchito imene anabwerera anaimaliza." Ndinali nditayeserera kwa masiku liwu limodzi la chiyankhulo chawo, ndipo ndinawauza pomwepo kuti, "Sikomo." Anaseka n'kunena kuti Chiyao changa chikumveka bwino kuposa Chichewa chimene ndinawalalatira nacho pa nkhani ya mbuzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loyamba. Ndikuthokoza kuti anadutsa anthu onse amene ndinkayembekeza, n'kutuma mayi amene ndinamunyozapo, atanyamula chidole cha mwana wa kutsidya kwa nyanja amene sindidzamudziwa. Ndikuthokoza amuna anga, achimwene anga amene ankafuna kundithandiza m'njira imene ankaidziwa, ndi mayi wa mafizo amene sananditaye nditathawa.

Inu amene munauzidwa kuti magazi anu akuthamanga, imwani mankhwala tsiku lililonse, mutu uwawe kapena usawawe. Inu amene mwafika pamene ndinafika ine, pofuna kuti moyo ungotha, musabise monga ndinabisira. Pezani munthu mmodzi, mumuonetse ngakhale ndi manja. Pitirizani kupemphera ngakhale pemphero lanu lilibe mawu, ndipo thandizo likabwera musalibweze chifukwa choti silikuoneka ngati limene munapempha. Inu amene mukusamala wodwala amene pakamwa panatseka, dziwani kuti munthuyo alimo, akumva zonse. Muziyankhula naye, osati kumangoyankhula za iye.

Umboni uwu ndaulemba masabata atatu, ndi dzanja lamanzere, ndipo Lamulungu likubwerali ndikauwerenga ndekha pamaso pa mpingo. Abusa andiuza kuti ndisadere nkhawa za nthawi. Mukadzandipeza mumsika wa Balaka n'kundipatsa moni, musafulumire kudutsa poona kuti ndachedwa. Imani pang'ono, ndikuyankhani. Ambuye akusungeni nonse.